Kuphunzitsa Chingerezi ndi foni imodzi ndi sipika: malangizo kwa mphunzitsi wa Fomu 1

Mwana amene wangosankhidwa kumene kupita ku Fomu 1 amakhala ataphunzira Chingerezi kwa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo kuyambira ali Sitandade 5 mabuku ake onse, kupatula a Chichewa, anali olembedwa m'Chingerezi. Komabe mphunzitsi aliyense wa pa sekondale yoyendera amadziwa zimene zimachitika akamufunsa mwanayo funso losavuta, monga kumene amakhala kapena chimene wadya m'mawa. Mwana amazolika, amamwetulira, ndipo akalimba mtima amayankha ndi liwu limodzi lokha. Mwana yemweyo mukamupatsa chiganizo kuti atseke mzere kunsi kwa mneni, amakhoza bwinobwino. Nzeru ali nazo, koma Chingerezi chimene akuchidziwa ndi cha pa bolodi ndi m'kope, chimene sanachimvepo m'kamwa mwa munthu wina kupatula aphunzitsi ake, ndiponso chimene sanapatsidwepo mpata wokwanira woti achiyankhule yekha.

Tiwerengere pamodzi. Ngati muli ndi ana 80 ndipo piriyodi yanu ndi ya mphindi 40, mwana aliyense angayankhule masekondi 30 okha, ndipo zimenezi zingatheke pokhapokha inuyo mutakhala chete piriyodi yonse. Pamene zili choncho, mwanayo akuyembekezera mayeso a MSCE amene munthu salandira satifiketi akalephera Chingerezi, ngakhale atakhoza maphunziro ena onse. Choncho chipangizo chilichonse chamakono chimene mungabwere nacho m'kalasi muchifunse mafunso awiri: kodi chikubweretsa mawu a anthu ena oti ana amve, nanga chikuwonjezera nthawi imene mwana aliyense akuyankhula? Chikalephera mafunso awiriwa, chisiyeni ngakhale chitakhala chokongola chotani. Maganizo amenewa si achilendo kuno kwathu. Pulogalamu ya pa wailesi ya Tikwere, imene inayamba kumveka pa MBC mu 2008, inkabweretsa mawu a anthu ena m'makalasi a ana aang'ono, ndipo kuyambira mu 2023 ndondomeko ya BEFIT yakhala ikupereka matabuleti otchajidwa ndi sola m'sukulu za pulayimale. Malangizo ali m'munsiwa ndi a mphunzitsi amene sanafikiridwe ndi zimenezi, koma ali ndi foni yakeyake m'thumba.

Yambani ndi kumvetsera ana anu

Musanatsitse chilichonse pa intaneti, sankhani ana khumi, osati anzeru okhaokha, koma ena ochita bwino, ena apakatikati ndi ena obwerera m'mbuyo, anyamata ndi atsikana. Aliyense mumujambule mawu kwa mphindi imodzi akufotokoza m'Chingerezi za ulendo wake wochokera kunyumba kufika kusukulu. Foni iliyonse yamakono ili ndi pulogalamu yojambulira mawu, ndipo siifuna netiweki. Madzulo mukhale pansi ndi kope, mumvetsere kawiri, ndipo mulembe zolakwa zimene zikubwerezedwa ndi ana ambiri. Mudzapeza kuti zolakwazo si zambiri monga mmene zimaonekera m'kalasi, ndipo pafupifupi zonse gwero lake ndi limodzi, ndilo kuti mwana akuyankhula Chingerezi ndi malamulo a chiyankhulo cha makolo ake. Pa zolakwazo sankhani ziwiri kapena zitatu zokha zoti mulimbane nazo teremu imeneyo. Mawu amene mwajambulawo muwasunge bwino, chifukwa mudzawafuna pa mapeto a teremu.

Zipangizo zofunika

Mukufunika foni, sipika yaing'ono yolumikiza ndi Bluetooth kapena ndi chingwe, memori khadi, ndi njira yodalirika yotchajira, kaya ndi pawa banki kaya ndi sola yaing'ono. Pa zonsezi chimene anthu ambiri amachipeputsa ndi sipika. Mawu a foni yokha samveka kupitirira mzere wachitatu, makamaka m'kalasi yopanda siling'i nthawi ya mvula, ndipo mwana wakumbuyo akalephera kumva kawiri amasiyiratu kutchera khutu. Pogula sipika muiyese ndi mawu a munthu woyankhula, osati ndi nyimbo, pakuti sipika zambiri zotsika mtengo zimagunda bwino koma mawu a munthu zimawameza. M'kalasi muiike pakati, pamwamba pa desiki kapena pa mpando, ndipo inuyo mukaime kumbuyo kwenikweni kuti mumve zimene mwana womalizira akumva. Ngati ndalama yogulira palibe, nkhaniyi ipite kwa mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya makolo ndi aphunzitsi, popeza sipika imodzi ikhoza kutumikira dipatimenti yonse ya ziyankhulo.

Tsitsani kamodzi, gwiritsani ntchito teremu yonse

Lamulo lalikulu ndi lakuti phunziro lanu lisadalire netiweki pa nthawi imene mukuphunzitsa. Kanema amene akuzungulirazungulira osatseguka amadya mphindi khumi za piriyodi, ana amayamba phokoso, ndipo kalasi ikabalalika chotero n'kovuta kuibweza. Choncho patulani tsiku limodzi, mwina mukapita kuboma kapena mukagula bandulo ya usiku, mutsitse zonse za teremu nthawi imodzi n'kuzisunga mu memori khadi. Kondani mawu okha kusiyana ndi kanema. Fayilo wamba ya MP3 imadya pafupifupi megabaiti imodzi pa mphindi, pamene kanema amadya kuchulukitsa kangapo, ndiponso kanema wa pa foni angaonedwe ndi ana asanu okha pamene mawu a pa sipika amafika kwa onse.

Malo otsitsako zinthu zaulere alipo ambiri, koma atatu ndi okwanira poyambira. British Council ili ndi masamba a LearnEnglish Kids ndi LearnEnglish Teens. Pa LearnEnglish Teens nkhani zomvetsera zinasanjidwa potsata milingo ya ku Ulaya yotchedwa CEFR, imene imayambira A1 kukathera C2, ndipo nkhani zambiri zili ndi zolembedwa zake komanso mafunso. Ana ambiri a Fomu 1 muwayambitse pa A1 kapena A2 popanda kuchita nazo manyazi. Voice of America inayamba mu 1959 kuulutsa nkhani m'Chingerezi chosavuta, chowerengedwa pang'onopang'ono ndi mawu osankhidwa okwana pafupifupi 1,500, ndipo nkhani zoterozo zimapezeka pa dzina la VOA Learning English. BBC Learning English ili ndi pulogalamu ya 6 Minute English, imene anthu awiri amakambirana mutu umodzi kwa mphindi zisanu ndi imodzi, koma imeneyi ndi yovutirapo, yoyenera Fomu 3 ndi Fomu 4 kapena inuyo mwini pofuna kunola khutu lanu.

Posankha nkhani, tsegulani sikimu yanu kaye, ndipo mufunefune nkhani yogwirizana ndi zimene muphunzitse sabata imeneyo, osati kupanga phunziro chifukwa mwapeza nkhani yokoma. Nkhani isapitirire mphindi ziwiri. Werengani zolembedwa zake, ndipo mukapeza mawu achilendo oposa asanu ndi atatu, isiyeni. Onaninso ngati moyo umene ukufotokozedwawo ana angaumvetse. Kukambirana kwa anthu awiri amene akugula tikiti ya sitima ya pansi pa nthaka ku London kungakhale kosavuta m'mawu ake, koma mwana wa ku Ntchisi adzavutika ndi sitimayo asanayambe n'komwe kuvutika ndi Chingerezi. Nkhani za kumsika, kuchipatala, za mpira, za mvula ndi za m'banja zimayenda bwino. Fayilo iliyonse muipatse dzina loyamba ndi nambala ya sabata, monga "03 msika", kuti musamasakesake pamaso pa ana. Ndi bwinonso kupempha anzanu awiri, mwamuna ndi mkazi, kuti awerenge kukambirana kwa m'buku la ophunzira inu mukujambula, chifukwa Chingerezi cha Mmalawi woyankhula bwino ndicho chimene ana adzakumana nacho kwambiri pa moyo wawo.

Kayendetsedwe ka phunziro la kumvetsera

Apa ndi pamene pagona ntchito, ndipo ndi pamene aphunzitsi ambiri amalakwitsa poyatsa sipika ana asanakonzeke. Mphindi zisanu zoyambirira sipika ikhale chete. Lembani mutu pa bolodi, afunseni ana zimene akudziwa kale pa mutuwo, ndipo muwalole kuyankha m'Chichewa ngati Chingerezi chawathawa, kenako inu muwapatse mawu a Chingerezi oyenera. Lembani mawu achilendo asanu okha, muwatchule, nawonso awatchule. Pomaliza lembani funso limodzi lalikulu, monga lakuti akuyankhulawo ndani ndipo ali kuti, ndipo muwauze kuti pa ulendo woyamba akungofuna yankho la funso limeneli basi.

Yatsani sipika, nkhani imveke yonse osaidukiza. Ikatha musaloze mwana kuti ayankhe, koma muwauze onse kuti atembenukire kwa mnzawo wapafupi n'kuuzana zimene amva. Kalasi idzachita phokoso, ndipo phokoso limenelo ndilo mukulifuna, chifukwa pa mphindi imodzi imeneyo ana 40 akuyankhula nthawi imodzi m'malo mwa mmodzi. Kenako lembani mafunso anayi kapena asanu ofuna tsatanetsatane, monga mtengo wa chinthu, nthawi, kapena chifukwa chimene wina wakanira, ndipo muyatsenso kachiwiri. Pa ulendo wachitatu muziimitsa chiganizo chilichonse chikatha kuti ana abwereze, choyamba kalasi yonse, kenako mzere umodzi, kenako awiriawiri. Pulogalamu yaulere ya VLC imathandiza kwambiri pamenepa, chifukwa imalola kuchepetsa liwiro la mawu komanso kubwereza kachigawo kamodzi mobwerezabwereza popanda kusakasaka ndi chala. Kuchepetsa liwiroko kukhale kwa ulendo umodzi wokha, kuopa kuti ana angazolowere Chingerezi chimene palibe munthu amachiyankhula.

Mphindi khumi ndi zisanu zomalizira zimitsani sipika, ndipo ana achite okha kukambirana kofanana ndi kumene amva, koma asinthe mayina, malo ndi mitengo kuti zikhale za kwawo. Ngati nkhani inali ya munthu wogula nsapato, iwo agulitsane tomato, usipa kapena makala. Inu muziyendayenda pakati pa madesiki ndi kope m'manja, kulemba zolakwa osawadula pakamwa. Zolakwa ziwiri zimene mwazimva kwambiri muzilembe pa bolodi pa mapeto osatchula mwini wake, ndipo kalasi yonse izikonze. Mukawerengera mudzaona kuti pa mphindi 40 foni yagwira ntchito mphindi zosakwana khumi, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira.

Katchulidwe ka mawu

Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu, ndipo lililonse limamveka mwa njira imodzi yokha. Chingerezi cha ku Britain chili ndi maliwu otere okwana pafupifupi 20 ngakhale chimalembedwa ndi malembo asanu omwewo. N'chifukwa chake kwa mwana wathu "ship" ndi "sheep" ndi liwu limodzi, "full" ndi "fool" chimodzimodzi, ndipo "hat", "hut" ndi "heart" zonse zimatuluka ngati "hati". Pa l ndi r vuto ndi lina. M'Chichewa malembo awiriwa sasiyanitsa tanthauzo la mawu, ndipo malamulo a kalembedwe amangoti tilembe r pambuyo pa e ndi i, monga mu "mbiri" ndi "kulera", ndi l m'malo ena onse. M'Chingerezi "light" ndi "right", kapena "play" ndi "pray", ndi mawu osiyana kotheratu. Chachitatu n'chakuti pafupifupi phatikizo lililonse la Chichewa limathera ndi lembo la liwu, choncho mwana amawonjezera i kapena u kumapeto kwa mawu a Chingerezi ndi pakati pa malembo opanda liwu oundana, monga mmene makolo athu anasandutsira "school" kukhala sukulu ndi "book" kukhala buku. Palinso "ph" amene kwa ife ndi wa mu "phiri" koma m'Chingerezi amamveka ngati f, ndi "th" amene kwa ife ndi wa mu "thumba" koma m'Chingerezi amafuna lilime pakati pa mano.

Mwana sangatchule kusiyana kumene khutu lake silikukumva, choncho yambani ndi khutu. Masamba a Cambridge Dictionary ndi Oxford Learner's Dictionaries ali ndi kabatani pa liwu lililonse kamene kamatulutsa katchulidwe ka ku Britain ndi ka ku America. Sankhani mawu awiriawiri ofananafanana okwana magulu asanu, muwamvetsere inuyo kaye kunyumba kufikira mutatsimikiza, kenako mujambule kapena mupemphe mnzanu wotchula bwino kuti awerenge mosakaniza. M'kalasi lembani "light" kumanzere kwa bolodi ndi "right" kumanja, ndipo ana akamva liwu aziloza mbali imene akuganiza. Mwa njira imeneyi mumaona ana onse 80 nthawi imodzi popanda kuchonga kope ndi limodzi lomwe. Akayamba kukhoza ndi khutu, asinthane awiriawiri, wina kutchula wina kuloza. Mphindi zisanu tsiku lililonse zimapindula kuposa piriyodi yathunthu kamodzi pa mwezi.

Mafoni ambiri a Android ali ndi kachizindikiro ka maikolofoni pa kiyibodi kamene kamalemba zimene munthu akuyankhula. Ana amakakonda kwambiri, chifukwa mwana akati "I pray football" foni imalembadi zomwezo ndipo iye amadzionera yekha cholakwa. Koma musakasandutse woweruza. Makina amenewa anaphunzitsidwa makamaka ndi mawu a anthu a kumayiko ena, ndipo nthawi zina amakana Chingerezi cha mwana chimene munthu aliyense angachimve popanda vuto. Cholinga chathu si chakuti mwana wa ku Dedza aziyankhula ngati wobadwira ku Manchester, koma kuti akanena "right" womvera asamve "light".

Jambulani ana akuyankhula

Gawani kalasi m'magulu a ana asanu ndi atatu, ndipo sabata iliyonse magulu awiri akonze kukambirana kwa mphindi ziwiri koti kujambulidwe, kaya ndi nkhani za pa wailesi za m'mudzi mwawo, kaya ndi sewero la wodwala ndi dokotala, kaya ndi kufunsana mafunso ngati atolankhani. Aliyense m'gulumo ayenera kumveka. Chodabwitsa n'chakuti phindu lalikulu silili m'kujambulako, koma m'kukonzekera, chifukwa ana akadziwa kuti mawu awo asungidwa amabwereza okha kasanu kapena kakhumi pansi pa mtengo nthawi yopuma, osatumidwa ndi munthu. Mukajambula, gululo limvetsere palokha poyamba ndipo lipeze lokha zinthu ziwiri zoti likonze. Pa sipika, pamaso pa kalasi yonse, muziika zokhazo zimene eni ake avomera, ndipo mwana amene waseka mnzake mumudzudzule nthawi yomweyo. Mtsikana amene wasekedwa kamodzi chifukwa chonena "he" m'malo mwa "she" akhoza kukhala chete mpaka Fomu 4. Cholakwa chimenechi, tinene pano, n'chachibadwa kwa ife, pakuti mlowam'malo wathu "iye" sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, ndipo ana akauzidwa chifukwa chake amasiya kudziona ngati mbuli.

Zowerenga ndi mawu atsopano

Sukulu zambiri zilibe mabuku a nkhani okwanira. Tsamba la African Storybook, limene bungwe la Saide la ku South Africa linatsegula mu 2014, lili ndi nkhani zazifupi za zithunzi m'Chingerezi ndi m'ziyankhulo zambiri za mu Africa, kuphatikizapo Chinyanja, zosanjidwa m'milingo isanu, ndipo n'zololedwa kutsitsa, kusindikiza ndi kumasulira kwaulere. StoryWeaver ya bungwe la Pratham Books la ku India imagwira ntchito mofananamo. Sindikizani nkhani khumi zosiyanasiyana, makope anayi iliyonse, muziike m'mapepala a pulasitiki, ndipo zizizungulira m'magulu. Kwa ana ofuna zowerenga za sayansi ndi mbiri, pulogalamu ya Kiwix imalola kusunga Wikipedia ya Chingerezi chosavuta, yotchedwa Simple English, mu foni kapena kompyuta n'kumaiwerenga popanda intaneti.

Pa mawu atsopano, Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kale mu 1885 kuti munthu amaiwala msanga zimene waphunzira kumene, ndipo kuti kubwereza patapita nthawi kumachepetsa kuiwalako. Pulogalamu ya AnkiDroid, imene ndi yaulere ndipo siifuna netiweki, inamangidwa pa mfundo imeneyi. Lowetsanimo mawu asanu a phunziro lililonse, lililonse m'chiganizo chake, ndipo m'mawa uliwonse pulogalamuyo idzakuonetsani mawu amene nthawi yake yobwereza yakwana. Inu muwafunse ana mawu amenewo kwa mphindi zitatu musanayambe phunziro.

Gulu la WhatsApp

Sukulu zambiri siziloleza ana kubwera ndi mafoni, ndipo malamulo a WhatsApp yomwe salola munthu wosakwana zaka 13. Choncho gulu limene mungatsegule likhale la makolo, lodziwika kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo mukhalenso mphunzitsi wina ngati woyang'anira wachiwiri. Musalemberane ndi mwana payekha, ndiponso musatumize chithunzi kapena mawu a mwana kwina kulikonse popanda chilolezo cha kholo lake. Konzani gululo kuti otumiza uthenga akhale oyang'anira okha, kupatula tsiku limodzi lolandira mayankho, apo ayi lidzadzaza ndi mauthenga a maliro, malonda ndi mapemphero, ndipo ntchito ya ana idzakwiririka.

Lachisanu lililonse tumizani uthenga wa mawu umodzi wosapitirira mphindi imodzi, kaya ndi lembetso la ziganizo zisanu kaya ndi funso loti mwana ayankhe ndi mawu ake. Simungathe kuyankha aliyense, ndipo musayese n'komwe. Mvetserani mayankho khumi, musinthe ana sabata iliyonse, ndipo mutumize uthenga umodzi kwa onse wotchula zimene zayenda bwino ndi chimodzi choti akonze. Kumbukirani kuti m'kalasi mwanu muli ana ambiri amene kwawo kulibe foni yotere, ndipo ena foni ili ndi bambo amene amabwera usiku. Pa chifukwa chimenechi ntchito ya pa WhatsApp isakhale ndi malikisi, ndipo uthenga womwewo uzimveka pa sipika Lolemba m'mawa kuti wina asatsalire.

Zomasulira ndi mapulogalamu olemba okha

Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu 2014, ndipo ana amene ali ndi mwayi wa foni amaigwiritsa ntchito kale polemba chimangirizo. Kuwaletsa sikuthandiza, koma kuwaonetsa pamene imapunthwa kumathandiza. Tengani mneni "kumva", umene m'Chingerezi ungakhale "hear", "feel" kapena "understand" malinga ndi chiganizo, kapena mawu akuti "ndikubwera" amene timanena pochoka, ndipo muwaonetse ana kuti womasulira ayenera kudziwa zimene zikuchitika, osati mawu okha. Lembani pa bolodi ndime imene makina amasulira, makamaka yokhala ndi mwambi kapena chining'a, ndipo ana aikonze m'magulu. Phunziro limeneli limakhala lokoma, ndipo limawaphunzitsa kukayikira zimene foni yanena.

Mapulogalamu onga ChatGPT, imene inatuluka mu Novembala 2022, angakuchepetsereni ntchito inuyo mphunzitsi. Mukhoza kuwapempha kuti alembe kukambirana kwa ziganizo khumi pa mlingo wa A2 pakati pa wogulitsa chimanga ndi wogula, kapena ziganizo makumi awiri zoyeserera "borrow" ndi "lend", mawu amene amasokoneza ana chifukwa kwa ife kubwereka ndi kubwereketsa n'zochokera ku tsinde limodzi. Koma chilichonse chimene atulutsa muchiwerenge liwu ndi liwu musanapite nacho m'kalasi. Mapulogalamuwa amanena zabodza molimba mtima ngati zoona, makamaka pa nkhani za kuno kwathu, ndipo amatha kuika mitengo, mayina ndi zakudya zimene mwana wa kuno sanazionepo. Musalowetsemo mayina a ana kapena zotsatira za mayeso awo. Chimangirizo chofuna malikisi chizilembedwa m'kalasi inu mukuona.

Pa mapeto a teremu

Sabata yomaliza mayeso asanayambe, itananinso ana khumi aja ndipo muwajambule akufotokoza za ulendo womwe uja wochokera kunyumba kufika kusukulu, kwa mphindi imodzi monga poyamba. Mvetserani mawu akale ndi atsopano motsatizana, ndipo pa mwana aliyense muwerenge zinthu zitatu: kuchuluka kwa mawu amene wanena pa mphindiyo, nthawi zimene wakhala chete kupitirira masekondi atatu, ndi kangati wachita zolakwa ziwiri kapena zitatu zimene munasankha zija. Manambalawa muwalembe m'kope lanu la kalasi pafupi ndi a poyamba. Ngati cholakwa china sichinasinthe, chibwerere mu sikimu ya teremu yotsatira ndi njira ina yochiphunzitsira, ndipo ngati chachepa, tengani china pa mndandanda uja munalemba sabata yoyamba. Mwana aliyense mwa khumiwo mumulole amvetsere mawu ake awiriwo payekha, kenako muwafufute mu foni yanu. Memori khadi ya nkhani zomvetsera muikope mu kompyuta ya sukulu kapena mu foni ya mkulu wa dipatimenti, pamodzi ndi pepala lofotokoza nkhani imene inayenda bwino, imene inali yovuta kwambiri ndi imene ana sanaikonde, kuti mphunzitsi wa Fomu 1 wa chaka chamawa asadzagulenso bandulo kutsitsa zomwezo.